Khanda Likafika Kunyumba, Amalamula Ndani?

 Lero tikambirane za khanda, makamaka sabata yake yoyamba, pamene mayi watuluka kuchipatala, walowa m'nyumba, chitseko chatsekedwa.

Ndiyambe ndi kuyamikira, chifukwa pa nkhani ya uchembere Ntcheu ili nacho chonyadira. Anthu a m'maboma ena akamva za amayi achinsinsi amakumbukira dera la Inkosi Kwataine. Nzeru imeneyi inachokera kwa anthu odziwa mtima wa mayi wakumudzi. Kwathu kuno mimba siilengezedwa. Mayi amaibisa mpaka ionekere yokha, poopa maso a anthu ndi pakamwa pawo. Tsono m'malo molimbana ndi mwambowo, mafumu anasankha amayi achikulire osalongolola, oti woyembekezera akawanong'oneze. Iwowo ndiwo ankamukumbutsa za sikelo, kumulondola mpaka anyamuke kupita kuchidikiro. Mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda anaika Inkosi Kwataine kukhala wapampando wa ntchito yolimbikitsa uchembere wabwino m'dziko lonse. Mu 2013 Ntcheu, pamodzi ndi Balaka, Dedza ndi Mchinji, inalowa m'ndondomeko yothandizidwa ndi maiko a Germany ndi Norway, imene inkapereka kandalama kwa mayi wochirira kuchipatala n'kukhalako masiku awiri atachira.

Khama lotere, lathu ndi la maboma ena, linabala zipatso. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 91 pa 100 aliwonse akubadwira kuchipatala, pamene mu 1992 anali 55 okha. Imfa za ana osakwana zaka zisanu zinatsika kuchoka pa 234 pa ana 1,000 aliwonse mu 1992 kufika pa 63. Agogo amene mukundimva mukukumbukira mmene chikuku chinkasesera midzi. Lero ambiri mwa adzukulu anu sanachionepo.

Koma m'kafukufuku yemweyo muli nambala ina imene inakana kusuntha. Makanda omwalira asanathe mwezi umodzi anali 27 pa 1,000 mu 2004, ndipo patapita zaka zoposa khumi anali 27 yemweyo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti pa makanda anayi omwalira m'mwezi woyamba, pafupifupi atatu amapita m'sabata yoyamba. Ena mwa iwo amathera kuchipatala komweko, chifukwa chobanika pobadwa kapena kubadwa masiku asanakwane, ndipo imeneyo ndi nkhani ya anamwino, zipangizo ndi magetsi. Koma ena amatuluka ali bwinobwino, atakulungidwa m'zitenje zatsopano, n'kukazimirira kunyumba. Maliro awo salira belu. Amakaika amayi okhaokha, mayi wake n'kuuzidwa kuti asalire kwambiri, adzabereka wina. Imfa imene mudzi suilira, mudzinso suifunsa kuti yabwera bwanji.

Anthu ena amafulumira kunena kuti vuto ndi umbuli wa amayi akumudzi. Ine ndikukana. Pitani pa sikelo ku Nsipe, ku Bilira kapena ku Kandeu, mufunse mayi aliyense kuti mwana ayamwe bere lokha mpaka liti. Akuyankhani musanamalize funso: miyezi isanu ndi umodzi. Mufunseni za katemera, akuonetsani buku la mwana lokutidwa bwino m'pulasitiki. Zimenezi amaziimba ndi m'nyimbo zomwe m'mawa uliwonse wa sikelo. Komabe chiwerengero cha ana osakwana miyezi isanu ndi umodzi amene amayamwa bere lokha chinatsika kuchoka pa 71 pa 100 mu 2010 kufika pa 61 mu 2015 ndi 2016. Kodi amayiwa anaiwala? Ayi. Amene anaphunzitsidwa ndi wina, amene amalamula m'nyumba ya khanda ndi wina.

Taganizirani mtsikana wa zaka 18, mwana wake woyamba. Wabwera kuchokera kuchipatala thupi likadali lopweteka. Ngati ali pachikamwini, womusamalira ndi mayi ake omubala. Ngati ali kuchitengwa, ndi apongozi. Khanda lalira usiku wonse. M'mawa agogo aja akuti, "Mwanawe, mkaka wakowo ndi wochepa, mwanayu ali ndi ludzu, tam'patse timadzi." Mtsikanayo akukumbukira bwino zimene ananena anamwino. Koma adzatsegula bwanji pakamwa kutsutsa munthu amene wabereka ana asanu ndi atatu, amene akumuphikira phala, akumuthowa ndi madzi otentha, akumuchapira matewera? Amangowerama n'kuti, "Chabwino, amayi." Timadzi tija ta pachitsime chosatetezeka talowa m'mimba ya mwana wa masiku atatu.

Agogo anga, musazime wailesi. Sindinabwere kudzakunyozani. Popanda inu, amayi ambiri achitsikana sakanadziwa ndi kanyamulidwe ka khanda komwe. Ndipo chikuta chimene munatisiyira chili ndi nzeru zambiri zimene lero achipatala akuziphunzitsa m'mawu ena. Mayi apume, asapite kumunda kapena kumtondo. Mwana akhale pamalo ofunda. Alendo asamangolowa n'kumamugwiragwira. Makolo ankati anthu otentha asayandikire khanda, achipatala akuti munthu wa chifuwa, wa chimfine, wa m'manja mosasamba asaligwire. Pamenepo palibe mkangano. Pempho langa lili pa zinthu zingapo zimene zimachitika m'chikutamo, ndi pa chitseko chake.

Tiyambe ndi mchombo, poti ndiwo umatsegula chitseko cha chikuta. Aliyense amafuna kuti ugwe msanga kuti mayi atuluke, ndipo aliyense amaulonda kuti usagwere kumaliseche kwa mwana poopa kuti adzakhala wosabereka. Kuulonda kulibe vuto. Vuto ndi kuufulumizitsa. Ena amathirapo phulusa, ena mwaye, ena madzi ofinya ku zomera, ena mafuta odzola. Mchombo wa khanda ndi bala losapola, ndipo mitsempha yake imalunjika m'kati mwa thupi. Chilichonse chimene mwapakapo chimapeza njira yolowera m'magazi. Kafumbata wa makanda, amene ankaumitsa nsagwada mwana n'kulephera kuyamwa, ankalowera pomwepo. Mchombo umauma ndi kugwa wokha, kawirikawiri pakati pa sabata imodzi ndi ziwiri. Usiyeni pamtunda, thewera lipindidwe m'munsi mwake, osambitsa mwana asambe m'manja ndi sopo. Chopakapo ndi chokhacho chimene akupatsani kuchipatala. Mukaona khungu lozungulira mchombo lafiira, kapena pakutuluka mafinya, kapena pakununkha, tsiku lomwelo mwana aonedwe ndi achipatala.

Kenaka kusamba. Khanda limabadwa ndi zoyera zonga mafuta pakhungu, ndipo ambirife timaziona ngati litsiro loti lichoke msanga alendo asanabwere kudzaona mwana. Mafuta amenewo amateteza khungu ndi kusunga kutentha. Malangizo a WHO ndi oti khanda lisasambitsidwe mpaka patapita maola 24. Kwa ife a ku Ntcheu nkhaniyi ndi yaikulu kuposa kwa anzathu a kunyanja. Ganizirani m'mawa wa mwezi wa June ku Tsangano kapena ku Mlangeni, nkhungu ili pansi, munthu wamkulu akunjenjemera atavala jekete, kenaka wina akuvula khanda la masiku awiri kuti alisambitse pakhonde. Khanda silitha kudzitenthetsa monga munthu wamkulu. Likazizidwa limafooka, limasiya kuyamwa, shuga wa m'thupi amatsika. Mukafuna kudziwa, ikani kuseri kwa dzanja lanu pamimba pake ndi kumapazi. Mukapeza konse kuli zii, muvuleni atsale ndi thewera ndi chipewa, mum'goneke pachifuwa pa mayi khungu kukhudza khungu, mufunde onse awiri pamodzi. Akapanda kufunda, nyamukani ali pachifuwa pomwepo.

Za mkaka woyamba, wachikasu uja, ndingodutsa msanga chifukwa ambiri munamva kale: si woola, si wofinyira pansi. Ndi wochepa inde, koma kamimba ka khanda la tsiku limodzi nakonso n'kakang'ono, ndipo mkaka umenewo ndiwo umanyamula chitetezo cha mayi kupita kwa mwana. Mwana aikidwe kubere ola loyamba lisanathe, ndipo akamayamwa pafupipafupi mkaka umatsika wochuluka pofika tsiku lachitatu kapena lachinayi.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa apa ndi pamene makanda ambiri amatipulumuka m'manja. Mwana wa zaka ziwiri akadwala, mudzi wonse umadziwa: amalira, amatentha thupi, amakana nsima. Khanda likadwala kwambiri, nthawi zambiri limakhala chete. Limagona nthawi yaitali, silidzuka kufuna bere, ukalipatsa limangonyambita n'kusiya. Ndiye anthu amaliyamikira: "Koma mwana uyu ngofatsa, savuta ngati mkulu wake." Mayi wotopa amathokoza kuti wapeza tulo. Kufatsa kumeneko kukhoza kukhala matenda a m'magazi, ndipo matendawa pa khanda sadikira sabata. Maola ochepa amakwana.

Zizindikiro zake si zovuta kuzisunga pamtima. Khanda limene linkayamwa bwino lasiya kuyamwa. Likungosuntha pokhapokha mutaligwedeza, kapena silikusuntha n'komwe. Likuphupha, kapena kukoka timanja ndi timiyendo, kapena kutembenuza maso. Thupi latentha, kapena lazizira. Maso, zikhatho ndi mapazi zasanduka zachikasu. Pansi pa nthiti pakulowa m'kati kwambiri likamakoka mpweya. Kapena likupuma mothamanga.

Kupuma kumeneku mukhoza kukuwerenga nokha, ndipo ndikufuna abambo mumve, chifukwa foni nthawi zambiri imakhala m'thumba mwanu. Dikirani mwana akhale phee, asakulira, asakuyamwa. Kwezani kamalaya kuti mimba ionekere. Wina agwire foni ayang'ane nthawi, wina ayang'ane pamimba. Kukwera ndi kutsika kumodzi, muwerenge kamodzi. Werengani mphindi yathunthu, chifukwa khanda limapuma modukizadukiza, ndipo mukawerenga theka mudzinamiza. Mukafika pa 60 kapena kupitirira, bwerezaninso. Mukapezanso chimodzimodzi, musadikire kuti kuche bwino, musadikire kuti mchombo ugwe.

Ndanena dala kuti musadikire mchombo, chifukwa pamenepa ndi pamene mwambo ndi moyo zimakumana pakhomo. Mayi akuona kuti mwana sali bwino, koma akuuzidwa kuti khanda silituluka m'chikuta, likakumana ndi mphepo zoipa panjira. Kapena akulu ayamba kufunsana kuti kodi bambo wa mwanayu sanalumphe mwambo, kodi si tsempho limeneli. Sindikufuna kutsutsana ndi za makolo pa wailesi. Ndikungopempha kuti mlandu wa tsempho muziukamba mwana ali kale m'manja mwa achipatala. Mlandu suola, koma khanda la masiku anayi silingadikire kuti ankhoswe asonkhane.

Chimodzimodzi ndi liwombo. Amayi athu amaliyang'anitsitsa, ndipo amachita bwino, chifukwa liwombo limanenadi zoona za thupi la mwana. Likalowa m'kati, makamaka mwana akamatsegula m'mimba kapena kusanza, ndiye kuti madzi atha m'thupi. Mankhwala opaka pamutu sabwezera madzi amenewo. Chofunika ndi bere pafupipafupi ndi ulendo wa kuchipatala, ndipo kwa mwana wokulirapo, Thanzi ORS ndi mapiritsi a zinki monga alangizi anenera. Likatupa n'kuuma mwana asakulira, imeneyo ndi ngozi yoti muthamange nayo. Koma liwombo longogundagunda mwa mwana wosewera ndi woyamwa bwino si matenda, limatsekeka lokha mwana akamayandikira chaka ndi theka.

Mwina wina ali ku Katsekera kapena kuseri kwa mapiri a Dzonzi akuti, zonsezo tamva, koma chipatala chachikulu chili ku boma, ndalama ya galimoto tiitenga kuti, ana enawa tiwasiyira yani? Funso limeneli ndi lenileni, ndipo lagonetsa makanda ambiri m'nyumba. Kuyambira mu 2008 alangizi a zaumoyo akhala akuyendetsa zipatala za m'midzi m'madera ovuta kufikako, kumene amapereka LA wa malungo, mankhwala a chibayo ndi a kutsegula m'mimba. Koma amathandiza ana oyambira miyezi iwiri mpaka zaka zisanu. Khanda losakwana miyezi iwiri amalitumiza kuchipatala, ndipo kale chipatala chaching'ono nacho chinkangolemba kalata yoti mupite ku boma. Banja likalephera, limabwerera kunyumba chimanjamanja.

Mu 2015 bungwe la WHO linatulutsa malangizo atsopano, akuti ngati banja silingathe kupita kuchipatala chachikulu, khanda lisabwezedwe lopanda chithandizo. Likhoza kulandira jakisoni wa gentamicin ndi mankhwala akumwa a amoxicillin pa chipatala chaching'ono chomwecho, n'kumabweranso masiku amene auzidwa. Kuno ku Malawi njira imeneyi inayesedwa m'boma lathu lino la Ntcheu, m'zipatala zing'onozing'ono 12, mu 2017, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, Save the Children ndi WHO, ndipo zinaoneka kuti n'zotheka. Kugonekedwa kuchipatala chachikulu ndiko kwabwino koposa, ndipo akakuuzani kuti mupite, yesetsani ndithu. Koma musakhale pakhomo chifukwa choopa kuti akakutumizani ku boma. Pitani pa chipatala chimene muli nacho pafupi, mukafotokoze mavuto anu momasuka.

Ndisaiwale ana obadwa masiku asanakwane. Lipoti la pa dziko lonse la mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa maiko onse, ndi ana 18 pa 100 aliwonse obadwa nthawi isanakwane. Kale mwana wotere ankaonedwa ngati sanafike pokhala munthu, ena osam'patsa ndi dzina lomwe. Njira ya kangaru, imene inayambira mu mzinda wa Bogotá ku Colombia mu 1978 n'kufika pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, yasintha zimenezo. Mwana wosakwana makilogalamu awiri ndi theka amavala chipewa, thewera ndi masokosi basi. Amamuika choimirira pakati pa mabere, mutu utayang'ana kumbali kuti apume bwino, timiyendo titapindika ngati ta chule, kenaka amamanga chitenje cholimba chodutsa m'munsi mwa khutu la mwanayo, mfundo ili kumbuyo kwa mayi. Usana ndi usiku, mayi akugona chotsamira. Kuchipatala amayi amachita bwino zimenezi. Zimavuta akafika kumudzi, kumene mwana timaberekera kumbuyo, ndipo woberekera kutsogolo anthu amamucheukira, ena kumufunsa kuti wabisa chiyani m'malayamo. Amachita manyazi n'kumugoneka pamphasa. Komanso munthu mmodzi sangathe kunyamula mwana maola onse, kwinaku akutunga madzi ndi kuphika. Chifuwa cha agogo chimafunda chimodzimodzi. Chifuwa cha bambo chimafunda chimodzimodzi. Mwamuna wa Chingoni amene wavula malaya n'kumangirira mwana wake wa kilogalamu imodzi ndi theka pachifuwa kuti mkazi wake akasambe, ameneyo ine ndimamuvulira chipewa.

Abambo, poti ndakutchulani, ndalama ya kabaza kapena ya njinga yamoto isathere pa tsiku lochira. Mukagulitsa mbatatesi, kabichi kapena tomato, patulani ina ikhale m'nyumba mpaka mwana akwanitse mwezi, ndipo mkazi wanu adziwe pamene ili. Ambiri mumakhala muli kumsika, ku Lilongwe, ku Blantyre, ena ku Joni. Musiye mawu kwa amayi anu ndi kwa apongozi anu, onse akumva, akuti mwana akasintha, mayi wake anyamuke osadikira chilolezo cha pafoni.

Kwa mafumu athu, a Njolomole, a Ganya, a Makwangwala, a Champiti, a Mpando, a Phambala ndi ena nonse pansi pa Inkosi ya Makosi Gomani, ndili ndi mapempho awiri. Loyamba ndi la chindapusa. Mbuzi kapena nkhuku yolipitsa wochirira pakhomo inathandiza kusintha maganizo a anthu, zimenezo sindikana. Koma mayi amene matenda am'peza usiku mvula ikugwa, mtsinje utadzaza, n'kuchirira panjira kapena m'nyumba, akaopa chindapusa amabisala, ndipo amabisa ndi khanda lomwe, lomwe ndi limene likufunika kuonedwa msanga kuposa ena onse. Lengezani pabwalo kuti wofika ndi khanda kuchipatala tsiku lomwelo alibe mlandu. Anamwino nawonso amulandire ndi manja awiri, mafunso abwere pambuyo.

Lachiwiri ndi la amayi achinsinsi. Ntchito yawo isathere pa chipata cha chidikiro. Malangizo a zaumoyo amati mayi ndi khanda aonedwe tsiku loyamba, tsiku lachitatu, pakati pa sabata yoyamba ndi yachiwiri, ndiponso pa masabata asanu ndi limodzi. Kafukufuku uja wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti makanda 60 okha pa 100 ndiwo anaonedwa m'masiku awiri oyamba. Mlangizi wa zaumoyo mmodzi amayang'anira midzi ingapo, ndipo nthawi zina amamva za mwana wobadwa patapita mwezi. Komanso ambiri mwa alangizi ndi amuna, ena achinyamata, oti agogo sangawalole kulowa m'chikuta. Mayi wachinsinsi amalowa popanda womufunsa, ndipo ndi msinkhu umodzi ndi agogo aja, akhoza kuwauza mawu amene mtsikana sangayerekeze kunena. Iyeyo ndiye akadziwitse mlangizi tsiku limene khanda lafika, ndipo pa tsiku lachitatu apite naye limodzi. Ofesi ya zaumoyo ya boma lino iwaphunzitse amayi amenewa pamodzi ndi agogo a m'midzi, pansi pa mtengo, m'chilankhulo chawo, osati kungophunzitsa oyembekezera okha pa sikelo. Akalowa m'nyumbamo asambe m'manja, am'vundukule mwanayo, aone mchombo, agwire mimba ndi mapazi, ayang'ane maso ndi zikhatho pa kuwala kwa pakhomo, awerenge kupuma, ndipo asachoke asanaone ndi maso awo mwanayo akuyamwa.